Rover Igulitsidwe, Jaguar Itsale

Bungwe la Amisiri a ku Kalingalinga, msonkhano wa komiti
Tsiku: Loweruka, 14 Meyi 1994
Malo: M'shedi ya bungwe, kuseri kwa msika
Opezeka: Ba Hamdani Sultan (Wapampando), Ba Moven Nkole (kalipentala), Ba Ketty Mutale (wosoka mipando), Webster Kasoma (Mlembi)
Osapezeka: Ba Ngosa, ali ku maliro ku Chaisa

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 14:20.

2. Kalata ya wogula
Mlembi anakumbutsa komiti kuti bungwe lili ndi magalimoto awiri a ku Mangalande amene linagula pa okushoni kampani ina ya boma itatsekedwa: Jaguar XJ6 ya 1972 ndi Rover P5B ya 1970. Mlendo wa ku Joni wosonkhanitsa magalimoto akale anawaona mwezi watha, ndipo walemba kalata.

Mlendoyo akufuna Rover. Akuti Jaguar imathamanga kwambiri ndipo siigwedeza munthu pamsewu, koma Rover ikadali mmene inachokera ku fakitale: zikopa zake, matabwa ake, ngakhale utoto wake wosuwa. Jaguar waikana chifukwa dashibodi yake si yoyambirira.

3. Zokambirana
Ba Nkole anati anatha miyezi inayi akusema dashibodi yatsopano ya Jaguar ya mtengo wa mukwa, ndipo odutsa amaima kuiyang'ana. Anafunsa kuti munthu wanzeru angasankhe bwanji galimoto imene nkhuku za Ba Ketty zimaikiramo mazira. Ba Ketty anayankha kuti nkhukuzo sizinachotsemo kanthu.

Mlembi anati magazini amene wawerenga akusonyeza kuti osonkhanitsa amakonda thabwa long'aluka la ku fakitale kuposa latsopano lokongola.

Wapampando anati choncho Ba Nkole awononga Jaguar, ndipo anapempha kuti achotsedwe pa ntchito zonse za magalimoto. Ba Nkole anati: "Ba Chair, ni ndani ananiuza kuti chosa vimapulanga vakale ivi?" Wapampando anati funsolo silili pa ndondomeko.

Ba Nkole anapempha kuti zolembedwa za pa 8 Januwale ziwerengedwe. Mlembi anawerenga ndime yachinayi, pamene palembedwa kuti Wapampando analamula kuti dashibodi yakale ichotsedwe. Wapampando anafunsidwa ngati ingabwezeretsedwe. Ba Ketty anati anaiona ikuyaka pa mbaula ya Wapampando, Wapampandoyo akusungunula guluu.

4. Zogwirizana
Rover igulitsidwe. Nkhuku zichotsedwemo lero, koma pasakhale wopenta kapena kukonza chilichonse. Pempho lochotsa Ba Nkole linasowa wolivomereza.

5. Zina ndi zina
Wapampando anapempha kuti nkhani ya mbaula isalembedwe. Mlembi anayankha kuti ntchito yake ndi kulemba zimene zanenedwa.

Msonkhano wotsatira udzachitika pa 28 Meyi, malo omwewo. Uno unatsekedwa nthawi ya 16:05.

Mlembi: W. Kasoma
Wapampando: ........................ (anakana kusaina)