A Payipi Akundimizira Mpeyala

Aphungu,

Musandiseke, chifukwa kunyumba andiseka kale mokwanira. Ine ndine telala, ndimakhala m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni, pomwe dothi lokhalo limene timaliona ndi lobwera ndi nsapato za ana. Koma manja angawa amayabwa ndikapanda kudzala kanthu. Ndinayamba ndi zidebe pakhonde, tomato ndi anyezi, mpaka tsiku limene madzi amatope anadonthera pa diresi loyera limene mayi wa pansi pathu anayanika. Diresilo ndinasoka ndine, ndiye kulichapa ndinachapanso ndine, uku ndikumva mawu. Zidebe zinatsika tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyenda ndi maso. Popita kukapereka zovala ndinkasuzumira m'mipanda ya anthu, kufunafuna malo ongokhala. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya bambo ena achikulire amene anapuma pa ntchito yozimitsa moto. Amakhala okha, akazi awo anatisiya, ana ali kutali. Kuno aliyense amawatchula kuti a Payipi, ndipo iwo amavomera ndithu. Nditapempha sanavute. Anandilozera malo kuyambira pa mpopi mpaka kumpanda, n'kunena kuti, "Limani mwananga, sindikufuna kanthu. Koma kuthirira mundisiyire ine, madzi ndimawadziwa." Ndinakwera masitepe a kwathu ndikuvina. Malo ndapeza, wothirira ndapezanso. Ndinaiwala kuti walira mvula walira matope.

Pamalopo ndinadzala kabichi ndi anyezi, komanso mtengo umodzi wa mapeyala, umene ndiwo wandilembetsa kalatayi. Si mtengo wamba. Pa nyumba imene tinakulira panali mpeyala wa bambo anga, wa zipatso zikuluzikulu zonona. Bambo atamwalira nyumbayo inagulitsidwa, ndipo wogulayo anadula mtengowo kuti apeze poimika galimoto. Mwamwayi achimwene anga anali atadulako tinthambi n'kumezanitsa pa mbande. Inagwira imodzi yokha, ndiyo imeneyi. Ikafa, mapeyala a bambo athera pomwepo.

Tsono a Payipi akamathirira, Aphungu, sikuti akuthirira, amakhala akuzimitsa. Amavala majombo, amafunyulula payipi yawo mwaulemu, n'kuima nji ngati kutsogolo kwawo kukuyaka nyumba. M'mawa athira, masana athira, madzulo akuti n'kongotsimikizira. Kabichi akusangalala, wanenepa mpaka anthu odutsa akumufunsira. Koma mpeyala wafota, masamba achita chikasu n'kulendewera, nsonga zikuuma. Iwo akauona wofota amati uli ndi ludzu, n'kuwonjezera. Anaukumbiranso beseni kuzungulira tsinde kuti madzi asamathawe. Sabata yatha ndinapezamo chule, ndipo sankaoneka ngati mlendo.

Mwina mukuti bwanji osangowauza. Ndisanabwere ine, malowa ankalima bambo wina wokonza mafoni. Iyeyo anawauza mosapsatira mawu kuti sadziwa kuthirira. M'mawa mwake anapeza geti lokhoma, khasu lake atamuikira bwinobwino panja. Ine ndinayesa zozungulira, ndinati kumwambaku kukuoneka kuti kugwa mvula, mwina lero payipi ipume. Anandiyang'ana mwachifundo n'kuti, "Mwananga, wodikira mvula nyumba yake imasanduka phulusa."

Amuna anga, amene sangasiyanitse mpeyala ndi mtengo wa magetsi, akuti ndingoboola payipiyo, poti masingano ndili nawo ambiri. Achimwene akuti ndiuzule mtengowo ndikauike m'diramu pakhonde. Ine ndagwira njakata. Ndikayankhula nditaya munda, ndikakhala chete nditaya mtengo wa bambo. Chondipweteka kwambiri n'chakuti a Payipi ndimawakonda. Amandidikirira pageti, tiyi ataphika kale, kuti andiuze mmene mtengo "wathu" wadzukira. Ndichite chiyani?

E. N., wa pamwamba penipeni

Mayi telala,

Choyamba, bwezerani singano pamalo pake, ndipo amuna anuwo muwapezere nkhani ina yoti aziganizira. Payipi yobooka imathirabe madzi, kungoti imathira ndi pomwe simunafune. Achimwene nawonso aphonya. Mtengo wodwala mukauzula mumangoufulumizitsa ulendo, komanso mpeyala si wokulira m'diramu pakhonde, pokhapokha ngati mwawasowa mawu a mayi wa pansi uja.

Mwaona bwino, mtengo wanu ukumira. Mizu ya mpeyala imafuna mpweya. Ikakhalitsa m'matope imaola, ndipo mizu yoola siyamwa madzi, n'chifukwa chake mtengo womira umafota chimodzimodzi ndi waludzu. Apa mumvetse kuti a Payipi si opusa. Kudwala akukuona bwinobwino, chimene alakwitsa ndi mankhwala.

Mawa lomwe fukulani pang'ono m'mbali ndi dzanja, muone timizu. Tikakhala toyera ndi tolimba, moyo ulipo. Tikakhala takuda, tofewa, tonunkha, ndiye kuti zafika poipa. Beseni lija ligumulidwe, pakumbidwe kangalande kotaya madzi kutali, chule akafune nyumba ina. Dothi ndi zinyalala zimene zaunjikana pa tsinde muzichotse, udzu wophimbira uyambire patali pang'ono. Feteleza ayi, wodwala m'mimba sitimuitanira kuphwando. Kuthirira kudikire mpaka chala chanu chitalowa chonse m'dothi n'kutuluka chouma. Ndipo musazengereze, itanani achimwene abwere ndi mpeni wawo, asankhe tinthambi timene tidakali ndi moyo, amezanitsenso pa mbande zina. Ndisakunamizeni, mtengowu mwina suchira. Mapeyala a bambo anu asadalire tsinde limodzi.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya a Payipi. Wokonza mafoni uja sanathamangitsidwe chifukwa cha madzi. Anauza munthu wamkulu kuti sadziwa chinthu chimodzi chokha chimene watsala akunyadira. Inu musaponde pomwepo. Pa tiyi paja muwafunse ngati anaonapo nyumba imene moto unaisiya koma madzi ozimitsira n'kuimaliza. Nkhani yotere sangaisowe, ya denga lonyowa limene linagwa, ya katundu amene anaola, ndipo adzakusimbirani mpaka tiyi atazizira. Akamaliza, auzeni za bambo anu ndi za mtengo unadulidwa uja. Ndikukayika ngati munawauzapo. Mwaululira ine, mlendo, zimene mwini munda sakuzidziwa, ndiye iwo akuthirira mtengo wamba pomwe inu mukulirira bambo anu.

Kenako mupite nawo, alowetse okha dzanja m'matopemo, anunkhize okha mizuyo. Mawu akuti "mwaonatu" muwameze. M'malo mwake apempheni akhale mlonda wa mtengowo, pasapezeke wothirapo dontho popanda chilolezo chawo, ngakhale inuyo. Munthu amene anavalapo yunifolomu lamulo amalisunga, makamaka wolisungitsa akakhala iye mwini.

Koma payipi musawalande, apatseni moto wina woti azizimitsa. Kumapeto kwa kangalandeko, kutali ndi mpeyala, dzalani nthochi ndi nzimbe. Zimenezo zimamwa ngati amalume anga ena amene sindiwatchula, ndipo sizidandaula. Kabichi nayenso apitirize kunenepa.

Kodi akhoza kukwiyabe? Akhoza, anthu si nsalu yoti mungaidule mmene mwayezera. Geti likadzakhomedwa mudzamva kuwawa, koma mbande za achimwene zidzakhala zilipo, ndipo malo ongokhala sanathe. Kuseri kwa masukulu, kwa nyumba zopemphereramo ndi kwa mashopu kuli udzu umene eni ake atopa nawo kutchetcha. Maso oyendera muli nawo kale. Kungoti ulendo wina, musanavine pa masitepe, mudzayambe mwagwirizana kuti wothirira ndani ndipo azithirira liti.

Chenjezo langa ndi ili. Mtengowo ukadzaphuka masamba atsopano, mudzamva a Payipi ali pageti akuuza aliyense wodutsa kuti unatsala pang'ono kufa ndi madzi, ndipo anaupulumutsa ndi iwo. Lilime lidzakuyabwani. Lilumeni. Bambowa akhala moyo wawo wonse akuthamangira belu loitanira kumoto, ndipo masiku ano palibe amene amawaitana. Aloleni apulumutse kamodzinso.

Aphungu