Batani la Ba Chanda

Lachitatu. Ba Chanda andikhumudwitsa lelo.

Tamara, mng'ono wanga, wagwanso khunyu m'mawa. Ndakwela basi kuchoka ku Kabwata mpaka ku Kabulonga kwa Ba Chanda, asuweni athu, amene banja lonse limawatama kuti amadziwa za ubongo. Andionetsa pa kompyuta timadontho toimila maselo a ubongo, kalikonse kakuphethila pa nthawi yake. Kenako tonse tayamba kuphethila limodzi.

"Umu ndi mmene munthu amagwela khunyu," atelo, akumwetulila ngati akundionetsa galimoto yatsopano. Adina batani, zonse zaleka.

"Ndiye dinani la Tamara."

"Mwaiche, mwana iwe, izi n'zoyelekeza chabe. Sindine dokotala."

Ndachoka osatsanzika. Kunyumba Tamara wagona, lilime lotupa, ndipo ine batani ndilibe. Za Ba Chanda sindidzazitchulanso.