Likhweru la Alamu Anu m'Chifunga

Ruaka, Nairobi

Okondedwa achimwene anga a Edmund,

Ndine mlongo wanu Lenah, Nachisale, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, ngati ansembe aja anawerenga bwino. Mukudziwa kuti sukulu ndinangoiona khomo, ndiye dzanja limene likulembali ndi la mwana wanga Getrude. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikuyankhulira, asakonze, ngakhale pamene ndikumunena iye mwini.

Kodi muli bwanji kumeneko ku Chongoni? Bondo lija likuti bwanji ndi chisanu cha chaka chino? Ine thupi lilibe vuto, koma mtima ndiwo walemera, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndikufotokozereni bwinobwino, kuyambira poyambira.

Mukukumbuka kuti tinachoka kumudzi chifukwa cha kuiwala kwa alamu anu a Dunstan, Getrude atanena kuti kuno kuli madokotala odziwa za mutu. Mankhwala akumwa, kudya akudya pang'ono, koma madokotalawo atiuza poyera kuti matenda awa sabwerera m'mbuyo. Tikukhala m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni, moti mbalame timaziona pamsana. Pansi njinga zamoto zimene kuno amati boda sizipuma. Alamu anu amangokhala pazenera, manja ali pamawondo. Munthu amene anatha moyo wake akubzala ndi kudulira paini m'phiri la kwathu, lero mtengo umene amauona ndi wa mumphika wa pakhonde.

Pali chimene sindinakuuzeni pa foni. Chiyambire chaka chatha, alamu anu sandidziwa. Ndikawapatsa tiyi amalandira ndi manja awiri, n'kundithokoza ngati mlendo. Kenako amandifunsa mwaulemu ngati ndawaonako akazi awo, akuti anapita kukatunga madzi ndipo achedwa. Ndimayankha kuti akubwera. Nanga ndinene chiyani, achimwene?

Tsono mkamwini wanga Tumbikani, mwamuna wa Getrude, ali ndi mnzake wa kuntchito wokhala ku Runda amene ali ndi galimoto yodabwitsa. Ndi nyumba yoyenda. Mkati muli bedi, mbaula ya gasi, kampopi ka madzi, ngakhale kachimbudzi. Tumbikani anaibwereka kuti akayende kumapiri ndi mkazi wake, awiriwiri. Koma tsiku lina pobwera kuntchito anapeza apongozi ake aamuna atagwira thabwa la shelefu yatsopano, aliika pamphuno, osafuna kulisiya. Linali la paini. Basi anasintha maganizo. Anati ulendowu ndi wa akuluakulu, iye akhala dalaivala, Getrude kondakitala.

Anatiseka kuti popeza tsiku la ukwati wathu tinangoyenda wapansi kuchokera kutchalitchi, aka ndiye kaulendo ka akwati kamene tinaphonya. Ndinamuyankha kudzera mwa Getrude kuti mkwatibwi wopanda mano sindinamuonepo, ndiponso kuti mpongozi sagona nyumba imodzi ndi mkamwini, kaya nyumbayo ili ndi matayala. Anati iye ndi Getrude akagona mu tenti, ndipo akaikhoma patali poti ngakhale mkonono wa apongozi sungafike. Getrude yekha sanaseke. Anafunsa kuti atate ake akakadwalira kuthengo tidzatani. Ndinamuuza kuti akudwala kale pompano pazenera.

Tinanyamuka m'mawa. Tinadutsa tauni ya Thika pamene pali minda ya zinanazi yosaoneka mapeto, kenako minda ya tiyi ngati ya ku Thyolo, mpaka Nyeri. Kuchoka pamenepo msewu unayamba kukwera ndi kukhotakhota kulowera kumapiri amene akuti Aberdare, dzina limene lilime langa likulikanabe. Nyumba yoyenda si nyumba, achimwene. Makapu ndi mbale zinkangolira m'kabati njira yonse, ndipo pakona ina chitseko chinatseguka, shuga yense n'kukhuthukira pamiyendo pa alamu anu. Anamusesa ndi dzanja mofatsa, n'kundifunsa ngati basi imeneyi ikufika pa Dedza. Ndinati ikufika. Anagwira nsonga ya chitenje changa monga amachitira mwana akakhala pafupi ndi mzimayi wosamudziwa koma wooneka wachifundo.

Tinaima m'mphepete mwa nkhalango, pamalo pamene apaulendo amaloledwa kugona. Mbali ina kuli mitengo yachilengedwe, mikungudza ikuluikulu ndi nsungwi zothithikana, ndipo anatchingako ndi waya wamagetsi chifukwa cha njovu. Muli anyani akuda a ubweya woyera m'mbali, ngati avala mkanjo wa akwaya. Mbali inayo kuli paini wobzala m'mizere, ndendende ngati kwathu. Mphepo yake ndi yomwe ija ya mu Juni, yolowa m'mafupa. Alamu anu atatsika anaima nthawi yaitali, mphuno ili m'mwamba.

Ku Ruaka timagona zipinda zosiyana, chifukwa iwo amakana kugona pafupi ndi mzimayi wachilendo, akuti ali pabanja. M'galimoto muja bedi ndi limodzi. Anagona kumapeto kwenikweni, atayang'ana kukhoma, atandipepesa kaye kuti ndisawaganizire molakwa.

Nditadzuka m'mawa ndinapeza chitseko chili pululu, iwo kulibe. Nsapato zawo zinali pomwe ndinaziika. Kunja chifunga chinali chitatseka, moti tenti ya ana sinkaoneka. Ndinakuwa. Tumbikani anathamangira kumsewu, mlonda wa pamalopo analondola waya uja uku akundiuza kuti pole mama, kumene ndi kupepesa kwa kuno. Getrude ankaitana atate ake mpaka mawu anasasa, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti iye ananena, ife osamva. Ananenadi.

Ndili chiimire pakhomo la galimoto, m'pamene ndinaganiza kuti munthu amene sadziwa kuti ali ndi mwana sangayankhe akamva wina akuitana atate. Ndipo ndinakumbuka za kale. Inu mukudziwa kuti titangokwatirana ndinkawapititsira thobwa kuphiri. Mkazi wa masiku amenewo sakanayenda m'nkhalango akukuwa dzina la mwamuna wake pamaso pa amuna anzake, zinali zamanyazi. Ndiye tinali ndi njira yathu. Ndikafika m'munsi mwa mizere ndinkagogoda kapu yachitsulo ndi supuni, iwo n'kuyankha ndi likhweru, ine n'kulondola.

Ndinalowa m'kakhitchini kaja, ndinapeza kapu yachitsulo ndi supuni. Ndinalowa m'mizere ya paini ndikugogoda. Ndinagogoda, n'kuima. Zii. Ndinayenda pang'ono, n'kugogodanso. Mame anali atanyowetsa chitenje chonse. Kenako, achimwene, kuchokera kumtunda m'chifunga muja, ndinamva likhweru. Lofooka, lodukaduka chifukwa mano anatha, koma lomwe lija.

Ndinawapeza pamalo pamene anthu anadula mitengo n'kubzala mbande zatsopano. Anali atagwada, opanda nsapato, akutsindira dothi ndi zikhatho mozungulira kambande kamene kanapendekeka. Anadzutsa mutu, anandiyang'ana, n'kunditchula Nachisale. Anati ndachedwa, ndipo anafunsa kuti thobwa lili kuti. Ndinawaonetsa kapu yopanda kanthu n'kunena kuti latayikira panjira. Anaseka, akuti chiyambire utsikana wanga sindinafikepo ndi kapu yodzaza.

Tinakhala pachitsa chimodzi. Anandigwira kumutu, anayang'ana imvi, n'kundifunsa kuti ndakalamba liti osawauza. Ndinati ndakalamba iwo ali kutali. Anati akudziwa. Anati mutu wawo uli ngati chifunga chomwechi, umatseguka pang'ono n'kutsekanso, ndiye ndimvetsere msanga usanatseke.

Zimene ananena ndi izi, ndipo Getrude alembe mosaphonya. Anati mbande imachoka ku nazale kamodzi kokha, mtengo ukakula palibe amene amauzula kuti aubwezere kumene unamerera. Anati iwo anabadwira ku Kasiya, inde, koma anabzalidwa kwa a Chisale, ndipo ana athu awiri amene tinaika ali kale m'manda a kwathu. Akufuna akagone pomwepo, pamene inenso ndidzagone. Anati ndisalole kuti a kwawo adzawanyamule. Ndiponso anati ndiwatengere kumudzi akupumabe, asadzapite m'bokosi kunsi kwa ndege ngati katundu.

Getrude anali atalondola kulira kwa kapu, ndipo anaima kumbuyo kwathu, anamva zonse. Atayandikira n'kugwada kuti awaveke nsapato zimene ananyamula, atate ake anamuthokoza, n'kundifunsa kuti mtsikana waulemu chonchi ndi wa kwa yani. Getrude akuti izi ndisanene. Ndamuuza kuti alembe, chifukwa inu ndi malume ake, muyenera kudziwa chimene mwanayu wasenza.

Tsiku limenelo lonse ndinali ndi mwamuna wanga. Anadya bwino, anadandaula kuti tiyi wachepa shuga, ine n'kuwakumbutsa kuti shuga anathera pamiyendo pawo. Tinayenda pang'ono m'mizere atandigwira dzanja. Tumbikani anaimika galimoto pamalo pena okwera kuti tione chigwa, ndipo alamu anu anandilozera kutali n'kunena kuti uko ndi ku Linthipe. Sindinawatsutse.

Mawa lake tinayamba kutsika. Mitengo inayamba kuchepa, nyumba kuchuluka, iwo n'kumachepetsanso mawu. Pofika pa Thika, pamene magalimoto anathithikana ndipo malipenga ankangolira, anachotsa dzanja lawo m'dzanja langa mwaulemu. Anandifunsa ngati ndawaonako akazi awo.

Titafika, panapita masiku angapo. Kenako Getrude anabwera yekha kuchipinda kwanga n'kunena kuti anatibweretsa kuno pofuna kuwasunga atate ake, koma waona kuti amene akumusunga pazenera paja ndi thupi lokha. Wavomera kutiperekeza kumudzi mvula isanayambe. Mankhwala azititumizira.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi lolemera. Mukukumbuka pamaliro a alamu anga a Maria, mlongo wawo wa a Dunstan, zimene ananena Kenny, mwana wa a Maria, amene tsopano ndiye mwini mbumba ku Kasiya. Anati malo a malume ake anawasunga kale pafupi ndi amayi awo, chifukwa mkamwini ndi mlendo, mafupa ake amabwerera kwawo. Mwambo ndi womwewo, sindikuutsutsa. Amati mlendo ndi mame, koma ndi mame anji okhala pakhomo zaka zoposa makumi asanu, n'kumanga nyumba, n'kukumba nawo manda a amayi athu?

Tumbikani anati angomuimbira foni Kenny. Ndinamuletsa. Nkhani ya manda sikambidwa pa foni, ndipo siyambidwa ndi mkamwini kapena ndi mkazi wa munthuyo. Ankhoswe anga ndinu. A mbali yawo amene munalandirana nawo ukwati uwu anapita onse, mwatsala inu nokha amene munaona chiyambi chake. Chonde, bondo likalola, tengani tambala wa m'khola langa, mupite ku Kasiya, mukakhale pansi ndi Kenny ndi azimayi a kumeneko mwini wake akadali moyo. Ikadzafika nthawi ya misozi anthu sadzamvana, ndipo sindikufuna kukanganirana bokosi pamaso pa ana.

Ndikudziwa chimene akakuyankheni. Akanena kuti mawu a munthu wotayika mutu si mawu, kapena kuti ndapeka ndine. Mukawauze kuti ine sindinapemphepo kanthu kwa iwo chilowereni m'banja ili. Mukawauze kuti munthu amene anayankhula pachitsa paja anandidziwa dzina, anadziwa kumene anabadwira, anadziwa kumene kwagona ana ake awiri aja. Amene sakudziwa kanthu ndi uyu ali pazenerayu, ndipo uyu sangathenso kudziyankhulira. Akafuna mboni, Getrude alipo. Akafuna kuti maliro akayambire kwawo, kapena kuti adzukulu okumba manda akhale a kwawo, vomerani zonse. Malo okha ndiwo ndikupempha.

Moni kwa alamu anga akazi anu, muwauze kuti mbewu ya nyemba imene ndinasiya m'chigubu abzale, isafumbwe. Moni kwa achemwali athu aang'ono ndi ana awo, kwa adzukulu onse, ndi kwa azimayi anzanga a kumphakati, andikumbukire m'mapemphero. Wina akatsegule mazenera a nyumba yathu kuti mulowe mphepo, ndipo mitengo itatu ya paini ya kuseri ija wina asaikhudze.

Galimoto ija inabwezedwa kwa eni ake, koma kapu ndi supuni ndinapempha, anandipatsa. M'mawa uliwonse ndimaima pakhomo la chipinda chawo n'kugogoda. Mpaka lero likhweru silinabwerenso. Amangotembenuka n'kundiyang'ana mwaulemu.

Mukabwerako ku Kasiya mundiyankhe msanga, achimwene, kaya yankho ndi lotani. Mulembe ndithu papepala, Getrude adzatiwerengere. Ndidzayamba ndagogoda kapu. Mwina chifunga chidzatseguka pang'ono, ndidzathe kuwauza kuti uthenga wawo ndinafikitsa, ulendo uno sunatayikire panjira.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu,
Lenah Nachisale