Musagwetse Nyumba Musanayeze Kanjira

Osaka,
3 Febuluwale

Okondedwa achimwene a Katsuji,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Tokiko, komanso kuti mawondo a amayi sakuvuta kwambiri ndi kuziziraku. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Ndalemba kalata chifukwa dzana munandidulira foni. Munati ndangokhoza mayeso dzulodzuloli, ndayamba kale kuphunzitsa akuluakulu. Nyozani mmene mungathere, koma muwerenge mpaka kumapeto lisanafike Lolemba la pa 12, tsiku limene mwapangana ndi anthu odzagwetsa nyumba yathu ku Nagasaki.

Kukhoza mayeso kokha sikukwanira kuti munthu alandire chiphaso chogulitsira nyumba ndi malo. Ife amene sitinagwirepo ntchitoyi timayamba takhala m'kalasi masiku awiri. Mphunzitsi wathu, a Horiguchi, nkhalamba yanthabwala, anatifunsa lamulo la msewu. Tonse tinayankha ngati ana a sukulu kuti malo omangapo nyumba ayenera kugunda msewu, ndipo pogundapo pasachepere mamita awiri. Funso limeneli ndinalikhoza pa mayeso, achimwene, osaganizako n'komwe za kwathu.

Kenako anati papepala tonse ndife anzeru, tsono aliyense atseke maso, ayende kuchokera pamsewu kukafika pakhomo pamene anabadwira. Ndinatseka. Ndinakwera chitunda, ndinakhota pa mpanda wa aneba athu a Tagawa, n'kulowa m'kanjira kathu kaja. Kanjira kamene ndili mwana ndinkagwira makoma onse awiri nditatambasula manja! Kamene bokosi la maliro a bambo tinachita kulipendeketsa kuti lituluke!

Ndinafunsa a Horiguchi kuti nanga nyumba yotero ikagwetsedwa zimatha bwanji. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ati ndiye kuti mwapeza dimba la anyezi, mayi. Yakale amangoilekerera poti inamangidwa lamulo lisanabwere. Kukonza mungakonze, koma ikangogwa, chilolezo chomangira ina sichituluka wambawamba. Anzanga anaseka za anyezizo. Ine ndinatuluka n'kukakhala pansi m'khonde.

Zaka zonse zija tinkawanena bambo kuti ndi oumira. Denga likadontha, chigamba. Nsanamira ikawola, ankaidula m'munsi n'kulumikiza ina. Inu munkati nyumba yathu yasanduka thalauza logwirira ntchito, ine n'kumaseka nawo. Iwo ankangoti nyumba iyi sagwetsa, osafotokoza chifukwa. Kaya ankadziwa kaya ayi, sindingawafunsenso, koma manyazi andigwira.

Ndikudziwa kuti zonsezi mukuchitira amayi. Avomera kupanikizana ndi ana anu m'chipinda chimodzi chifukwa munawalonjeza nyumba yatsopano pamalo omwewo. Dzulo pafoni anandiuza kuti asankha kale podzaika chithunzi cha bambo, ndipo akufuna zenera loyang'ana kudoko. Ndinanama kuti ndiwo zikupserera pamoto.

Pempho langa ndi limodzi. Tepi yoyezera ya bambo ili m'kabati ya pansi pa kaguwa kowakumbukirapo kaja. Kayezeni kanjirako pamene papanikizika kwambiri, pafupi ndi mpopi wa a Tagawa. Mukapeza mamita awiri, gwetsani, ndipo mudzandiseke mpaka ndikalambe. Akapanda kukwana, musachotse ngakhale nsanamira imodzi kufikira nditabwera, tikafunse limodzi ku ofesi ya mzinda. Tsamba la m'buku langa ndaliika m'kalata momwemu, pamene ndalemba mzere wofiira.

Kunoko ntchito ndapeza, pa kaofesi ka anthu asanu pafupi ndi siteshoni, ndidzayamba chiphaso chikatuluka. Abwana ake akuti ndili ndi nkhope yoti anthu angaikhulupirire. Ndinangoti mumtima, akanamva mmene achimwene anga amandidulira foni.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa azakhali a ku Isahaya. Amayi muwafunditse bwino, ndipo musawauze kanthu musanayeze.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,
Fumie

Ndisanamate: ndatambasula manja pakhoma la chipinda changa n'kuyeza katatu. Akukwana mita imodzi ndi theka basi. Pamene ndinkagwira makoma aja n'kuti ndili ndi zaka khumi.