Tirigu wa Vukašin

Lachinayi, 14 Novembala. Užice.

Sitima yathera pano. Phiri lagumukira panjanji kutsogoloku, msewu nawo akuti watsekeka. Mvula yosalekeza. Ine, chikwama chimodzi, ndi mbale ya tirigu pamiyendo.

Loweruka akwana masiku makumi anayi chimwalirire mwamuna wanga Vukašin. Tiriguyu ayenera kukafika pamanda kumudzi kwawo, wansembe athirepo vinyo, aliyense adyeko supuni, mzimu unyamuke. Ndinaphika ndekha dzulo, ndi mtedza ndi shuga, ngati kuti kwawoko kulibe miphika. Makani anga. Mlamu wanga Stamena anati aphika iyeyo, ine ndinamuyankha kuti mwamunayo anali wanga.

Chipinda ndapeza kuseri kwa siteshoni. Fungo la masokosi onyowa. Mbale ndaiika pazenera, pozizira.

Lachisanu, 15 Novembala.

Mvula. Mtsinje wadzaza, madzi ake ngati khofi wamkaka. Nyumba zazitali zotuwa zopanikizana m'chigwa, mitambo yakhala pamadenga. Tauni yosasangalatsa. Koma buledi wawo wotentha wa dzira ndi mafuta a nyama, ayi ndithu. Ndanyambita zala ndili m'zovala zakuda, manyazi pambuyo.

Kuno n'kumene Vukašin anagwira ntchito zaka zonse zija, ya magetsi a njanji, kunyumba kubwera Loweruka lokha. Ine sindinapondeko. Ankati, "Ukatani kumeneko, Zagorka? Kuli mvula ndi ine basi."

Amati m'masiku makumi anayiwa mzimu umayendera malo onse amene munthu anakhalako. Kunyumba kwathu sindinamumve n'kamodzi komwe, mpando wake unangokhala mpando. Kuno ndiye ali paliponse. Pamlatho, fungo la fodya wake. Pamasitepe a kumsika, kutsokomola kwake kuja, pafupi ndi khutu langa. Kucheuka, maambulera okhaokha. Ndikuopa, komanso ndapsa mtima. Bwanji kuno?

Stamena pafoni: "Ukanakwera Lachiwiri ngati anthu anzako, mlamu. Achimwene azikudikira ngakhale m'manda?"

Ndanunkhiza tirigu. Akadali bwino. Za mawa kaya.

Loweruka, 16 Novembala.

Sitima kulibe. Kumanda achita mwambo popanda ine. Stamena anali ataphika wake mwakachetechete, ndimadziwa ine.

Tirigu wa akufa satayidwa, ndipo ine Vukašin sindinamutsanzike. Ndagula kandulo, kabotolo ka vinyo, timasupuni ta pulasitiki. M'chipinda chodikirira sitima ndaika mbale pabenchi, chithunzi chake pambali, vinyo ndathira ndekha. Ndimayesa anthu andiseka. Ayi. Msilikali wina ndiye anayamba, kuvula chipewa, chizindikiro cha mtanda, kufunsa dzina la malemu. Kenako amayi awiri a madengu a kabichi. Bambo wina woledzera anadya kawiri, ati yachiwiriyo ndi ya panjira, poti kumwamba n'kutali. Ndinaseka, misozi ili chuchuchu. Mtima unayamba kupepuka.

Womaliza kubwera anali mayi wogulitsa khofi pasiteshonipo. Wamsinkhu wanga, wonenepa, mpango wakuda kumutu. Dzina sanafunse. Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali, n'kudya, n'kunena chapansipansi, "Mulungu aukhululukire mzimu wako, Vule." Dzina loti Vule ankamutchula mayi ake ndi ine basi.

Ndinamutsatira ndi maso mpaka kukauntala yake. Kuseri kwa makapu, kandulo ikuyaka. Pambali pake kambale ka tirigu, kothira kale vinyo.

Lamulungu, 17 Novembala.

Njanji yatseguka. Mvula yasanduka mawawa. Ndayenda pamlatho, ndakwera masitepe aja, ndaima dala. Zii. Mzimu wake wanyamuka. Waunyamutsa ndi tirigu wa yani, wanga, wa Stamena, kapena wa mayi wa khofi uja, sindidzadziwa, ndipo chimenecho chikundiwawa kuposa imfayo.

Dzina lake ndi Leposava, wandiuza wosesa. Ndimati ndingodutsa osayang'anako. Leposavayo ndiye wandiitana: "A Zagorka, mwanyowa. Khalani." Dzina langa sindinamuuze.

Sitima yanga ili apo, zitseko zotsekula, anthu akukwera. Ine ndili patebulo lake ndi mbale yopanda kanthu. Akubwera ndi makapu awiri. Sindikudziwa ndiyambe kumufunsa kuti za iye ndi Vukašin zinayamba liti, kapena ngati iyenso dzana anamumva akutsokomola, kapena...