Mlandu wa Nkhuku Yosaoneka

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino, poti olakwa sadwala. Ndikupereka dandaulo langa monga munthu wophunzira amene mwamuipitsira mbiri.

Munati nkhuku ikasowa ndiwiritse bowa wouma, anyezi wokazinga ndi adyo. Matsenga amenewa munawatenga kuti? Bambo, amene chibwerere kuchipatala akhala akukankha mbale iliyonse, anadzuka okha kulondola fungo. Anamwa msuziwo mpaka kupendeketsa mbale, ine kukamwa kuli yasa. Kenako anati, "Iwe, nyama yake wadyera kukhitchini eti?"

Tsopano ndine mbala m'nyumba muno. Zimene ananena adokotala sizolemba m'kalata, koma musadikire tchuthi.

Monga chipepeso, mubweretse ntchafu ziwiri za bowayo, ndiwaonetse bambo.

Ndine mng'ono wanu wonamiziridwa.