Ndatseka Mfuti ya Amuna Anga ndi Ubweya wa Nkhosa

Aphungu,

Ndine mayi wa ana akuluakulu, msinkhu woti munthu sayenera kumazondanso mwamuna. Koma ndikuzonda. Mayina ndasintha, chifukwa kwathu kuno ukayetsemula kumtunda, okufunira moyo wautali amayankhira kumunsi kwa mudzi.

Amuna anga, tingoti a Ramiz, ndi mlenje. Ali ndi mfuti yosiya bambo awo, ija yokoka kampiringidzo pambali kuti chipolopolo chilowe. Chaka chino nguluwe zavuta, zikutsika m'nkhalango n'kumagwetsa chimanga ngati zalembedwa ganyu. Chondidabwitsa n'chakuti mwa minda yonse ya m'mudzi muno, nguluwe za a Ramiz zimangokonda umodzi, wa Gulizar, mayi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi. Akangochoka ku swala ya m'mawa kumzikiti, mfuti paphewa, ulendo wa komweko.

Vuto la nguluwe n'loti ife Asilamu sitidya. Zikanakhala nkhwali ndikanaona nthenga. Koma nguluwe ikaphedwa imakwiriridwa konko, ndiye mlenje wopha ndi mlenje wonama amabwera mofanana. Komatu a Ramiz sabwera chimanjamanja. Tsiku lina botolo la uchi wa mabulosi, tsiku lina buledi wotentha wokulungidwa m'kansalu kopeta maluwa.

Ndinawafunsa kuti, "Kodi bambo, nguluwe za chaka chino zaphunzira kuphika buledi?"

Anangoseka. "Aa, mayi, mwayambapotu. Munthu wangothokoza basi. Mukufuna ndizikubweretserani mchira wa nguluwe muzipachika pakhomo?"

Mnansi wanga Zekiye ndiye anandithira tsabola m'maso. Tikumwa tiyi anati, "Achemwali, ine khutu langa limamva ngakhale supuni ikagwa kwa eni ake, koma kulira kwa mfuti kumtunda kuja sindinakumvepo. Kaya nguluwezo akuzipha ndi nkhani zokoma, kaya."

Sindine wolongolola, Aphungu, ndine wofuna umboni. Mfutiyo imakhala chiimire kuseri kwa chitseko, zipolopolo zili momwemo, chifukwa eni ake amati kachitsulo kotsekera kuti mfuti isalire n'kokwanira. Tsiku lina atapita kumalo a tiyi, ndinatenga ubweya wa nkhosa umene ndimalukira masokosi, n'kuukankhira mu mpaipi wa mfutiyo ndi singano yolukira, mkati ndithu moti sungaoneke. Nzeru yanga inali yakuti akawombera, ubweyawo uuluka. Akabwera nawo, ndiye kuti mfuti sinagwire ntchito, yagwira ntchito ndi ina.

Kuyambira pamenepo, akalowa kosamba ine ndimasuzumira kukamwa kwa mfuti ndi nyali ya foni. Ubweya uli pompo! Mwezi ukutha tsopano. Mtima wanga ukuwawa, Aphungu, chifukwa munthuyu ndimamukonda ngakhale amaliza mkonono ngati thalakitala.

Lamlungu likudzali amuna onse a m'mudzi apita kukathamangitsa nguluwe ndi agalu ndi zitini. A Ramiz akuti awaika pampata pamene nguluwe zimatulukira, limodzi ndi mlongo wanga Fikret. Ine ndikuganiza kuti anzawo akangolowa m'nkhalango, iwo azemba. Ndiye ndawonjezera ubweya wina n'kumatapo phula la njuchi, kuti asadzanene kuti unagwa wokha.

Funso langa ndi ili: ndiitane akuluakulu a banja panopa, kapena ndidikire umboni wa Lamlungu?

N.K., Niksar

Mayi N.K.,

Ikani nyuzipepalayi pansi. Ngati bambo ali pakhomo, auzeni tsopano lino zimene mwachita. Ngati achoka ndi mfuti, aimbireni foni, mawu oyamba akhale akuti, "Musawombere." Zina tikamba mukabwerako.

Mwabwerako? Mverani tsono. Ubweya wokankhidwira mkati, womatidwa ndi phula, suuluka ayi. Chipolopolo chikakumana ndi chotchinga, mphamvu yonse ya wonga imasowa kotulukira, ndipo mpaipi ukhoza kung'ambika. Pamene ukung'ambikapo pali dzanja la bambo, tsaya lawo lili pamtengo wa mfuti, diso lili pafupi, ndipo mlongo wanu waima pambali. Ndakhala ndikuyankha makalata a nsanje kwa nthawi yaitali, koma yanuyi yandiumitsa pakamwa.

Musayese kuukolowola nokha ndi singano yanu ija, ndipo musadzasuzumirenso kukamwa kwa mfuti. Mwanena nokha kuti zipolopolo zimakhalamo. Mwezi wonse mwakhala mukuika diso lanu pamene chipolopolo chimatulukira, mukudalira kachitsulo kakang'ono kamene kamatha kusuntha mfuti ikangogwa. Ntchito yochotsa ubweyawo ndi ya bambo. Atulutse mfutiyo panja, ailozetse pansi kumene kulibe munthu, chala chili kutali ndi chowombera. Atsegule kampiringidzo, atulutse zipolopolo zonse, aone ndi maso komanso akhudze ndi chala kuti simunatsale kanthu, kenako asolole kampiringidzoko. Akatero aitengere kwa mmisiri wa mfuti akaiyeretse, chifukwa phula silichoka pongokankha ndi kamtengo. Lamlungu lino mfuti imeneyo isapite kutchire mmisiri asanaione.

Adzakalipa, ndipo alekeni akalipe. Akamaliza, muwapatse nyuzipepalayi awerenge ndime iyi, chifukwa nawonso ndili nawo mawu. Bambo, mlenje wanji amene amatha mwezi osasolola kampiringidzo n'kuyang'ana kuwala kudzera mu mpaipi? Lero ndi ubweya wa akazi anu, mawa ndi matope kapena chisa cha mavu. Mfuti siilowa m'nyumba ili ndi zipolopolo, ndipo siikwera nazo galimoto kapena thalakitala. Imatsekeredwa m'kabati yachitsulo, zipolopolo pena. Poyenda, kampiringidzo kazikhala kotsegula, ndipo chipolopolo chizilowa mukafika pamalo anu oimapo. Podumpha mpanda kapena ngalande, tulutsaninso. Zoti kotsekera n'kokwanira mukanene kwa anzanu a pa tiyi, osati kwa ine.

Tsopano za Gulizar. Sindikuuzani kuti bambo ndi oyera, chifukwa sindikuwadziwa, ndipo kansalu kopeta maluwako nanenso kandikwezetsa nsidze. Koma umboni wanu si umboni. Nguluwe ndi yochenjera, ikangomva fungo la munthu siyandikira, moti mlenje atha kudikira masabata osawombera, munda n'kupulumuka chifukwa choti iye alipo. Khutu la Zekiye nalonso silidzakuperekezani kumanda kapena kuchipatala.

Pali njira yosavulaza munthu. Botolo la mnansi silibwezedwa lopanda kanthu, mukudziwa. Lidzazeni ndi zokoma za m'nyumba mwanu, mukalipereke nokha kwa Gulizar masana, mumwe tiyi wake, mupemphe kuona munda. Pamene padutsa nguluwe sipabisika: chimanga chogona, dothi lofukulidwa, mapazi m'matope. Muonenso pamene mlenje amakhala podikira, ngati udzu wake uli wopondedwa. Mukabwerako, funsani bambo maso ndi maso, mopanda nthabwala za buledi. Mayankho akakhala okhotakhota, apo mpamene muitane akuluakulu.

Ndinafuna kukuimbirani kalatayi itangofika, koma mwangondisiyira zilembo ziwiri ndi dzina la tauni. Ndiye ndikupempha mlenje aliyense wa ku Niksar ndi midzi yozungulira: lisanafike Lamlungu, solola kampiringidzo, yang'ana mu mpaipi. Ngati suona kuwala, usawombere, ndipo uuze ndi mnzako yemwe sawerenga nyuzipepala.

Inu mayi, chenjezo langa ndi ili. Msampha mwatcherawu ndi wokhota. Ngati amuna anu ndi onama, Lamlungu adzazemba, n'kubwera madzulo ali bwinobwino. Koma ngati akhala akukuuzani zoona nthawi yonseyi, adzaima pampata paja pafupi ndi mlongo wanu, nguluwe idzatuluka, ndipo adzawombera.

Aphungu